Tenti ya Munthu Mmodzi

Ndili ku sekondale ndinkalemba chilichonse m'kope la chikuto cholimba, ndipo khalidwe limeneli ndinapita nalo ku Canada. Makope a kumeneko alipo asanu. Ndikamawatsekula lero ndimadziseka, chifukwa pafupifupi tsamba lililonse lili ndi funso. Bwanji agologolo a kuno ndi akuda? Bwanji mkaka amaugulitsa m'majumbo? Bwanji munthu amakufunsa kuti uli bwanji koma osaima kuti amve yankho? Kope loyamba lokha ndi limene lili ndi zojambula, ndipo zonse ndi za tinyumba ta nsalu.

Ndinachoka kwathu ku Dedza dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe. Ife a ku Dedza timanyadira kuzizira ngati kuti tinachita kukulima tokha. Amayi anandilukira juzi, ndipo aliyense wobwera kudzatsanzikana nane ankamuuza kuti, "Ameneyu sakavutika, anakulira m'chisanu." Azakhali anga, mlongo wa bambo, amene amagwira ntchito pa chipatala china ku Hamilton, atandichingamira pa bwalo la ndege anaigwira juziyo ndi zala ziwiri.

"Yabwino," anatero. "Uzikagonera."

Ndiwo anandipezera ntchito yosamalira bambo wina wokalamba ku Oshawa, yogonera konko. Tili mu sitima anandifotokozera mobwerezabwereza mmene mapepala anga analili. Ndikakwanitsa miyezi yofunika pa ntchitoyo, ndidzatha kupempha chilolezo chokhazikika. Ntchito ikathera panjira, ndiye kuti kusaka bwana wina, kudikira mapepala ena manja ali lende, mwinanso kubwerera kumudzi chimanjamanja, kumene abale anga awiri aang'ono anali atangoyamba sekondale podalira ine.

"Ndiye iwe ntchito yako ndi imodzi," anatero azakhali. "Mkuluyo asagwe, asakwiye, asafe."

Mkuluyo dzina lake anali Gordon. Anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya magalimoto. Akazi awo anali atamwalira, kenaka sitiroko inawapha ziwalo za kumanzere, nayamba kuyendera chikuku. Kulankhula ankalankhula, koma pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri sankafuna. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Linda, ankakhala ku Markham ndipo ankabwera Lamlungu lililonse. Osamalira awiri anali atathawa kale ine ndisanafike, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindikhala wachitatu. Ndinawachitira monga timachitira ndi wodwala kwathu: sindinkawasiya okha. Akakhala pa zenera, ine pa mpando pambali. Akalowa m'chimbudzi, ine pa khomo, chitseko chili chotsekuka pang'ono. Akagona masana ndinkasitira zovala m'chipinda momwemo. M'kope ndinalemba kuti: "Lero alankhula kanayi. Katatu amati ndichoke."

Mpumulo wanga unali Lamlungu masana, Linda akafika. Ndinkakwera basi kupita ku holo ina kumene Amalawi ndi a ku Zambia tinkapemphera limodzi. Mapemphero akatha, ife amayi osamalira okalamba tinkaunjikana pafupi ndi ketulo, kuonetsana zala zong'aluka ndi sopo, kugawana mafuta odzola, kuuzana kumene kwapezeka ufa woyera. Ana obadwira konko ukawapatsa moni ankayankha m'Chingerezi akuthawa. Mayi wina wa ku Mulanje, amene anali atasamalira okalamba ambiri, anandilangiza kuti, "Mwanawe, ntchitoyi ilibe pogwira. Ukawakonda amamwalira, ukapanda kuwakonda amakulipota." Malipiro oyamba nditatumiza kumudzi, amayi anayankha ndi chithunzi cha abale anga aja atavala yunifolomu, ataima njo ngati asilikali. Ndinachimata mkati mwa chikuto cha kope.

Kuseri kwa nyumba ya a Gordon, pafupi ndi mpanda, kunali kanyumba ka matabwa kobiriwira, kofolera ndi lata. Tsiku lina masamba atatha kuyoyoka m'mitengo ndinakatsekula. Mkati munali benchi, msomali pa khoma, ndipo pansi pa matabwa panali bowo lozungulira lokhala ndi chivindikiro chake. Mtima wanga unasangalala. Ndinati kani nawonso azungu amasunga cha panja, kuchitira tsiku limene madzi asiya! Ndinadabwa kuti kunsi kwake kunalibe dzenje, udzu wokhawokha, koma ndinaganiza kuti mwina okumba sanabwere. Ndinatenga ndowa, bulashi ndi mankhwala ophera tizilombo, n'kukakwecha mpaka kununkhira chipatala. Pa msomali paja ndinapachikapo pepala la kuchimbudzi. A Gordon ankandionera pa zenera la kukhitchini, pamene ndinawaika dala kuti ndiziwaona.

"Umatani mmuja?" anandifunsa nditalowa.

"Ndimakonza chimbudzi chanu cha panja, bambo. Koma dzenje palibe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, nkhope n'kufiira, misozi chuchuchu. Ndinathamangira foni poganiza kuti sitiroko yabweranso. Anali kuseka.

"Mmenemo," anatero atapezako mpweya, "ndadyeramo nkhomaliro zaka makumi atatu."

Tsiku limenelo analankhula mpaka tiyi kuzizira. Anati chisanu chikafika pachimake, nyanja ya Simcoe, kumpoto kwa Oshawa, imauma pamwamba n'kukhala ayezi wochindikala moti galimoto imayendapo. Anthu amakokera tinyumba totere pa nyanjapo, n'kuboola ayezi, bowo la kanyumba kulilunjikitsa pa bowo la ayezi, basi n'kumaweza nsomba atakhala pa benchi. Ndinawapanikiza ndi mafunso. Nanga nsombazo sizifa ndi kuzizira? Zimapuma bwanji chivindikiro chili pamwamba? Mukayatsa mbaula, ayezi sasungunuka n'kukumezani? Anayankha lililonse, ndipo ndinadzaza masamba atatu.

Patapita zaka, nditapita kukacheza kwathu, ndinayesa kufotokoza zimenezi. Ndinapeza amayi atafupika, ndipo mchimwene wanga wamng'ono, amene ndinamusiya akuvala kabudula, anali ndi ndevu ndi maganizo ake pa nkhani iliyonse. Anamvetsera mpaka pa galimoto paja, n'kunena kuti, "Achemwali, kunja kuja mwaphunzirako Chingerezi ndi bodza." Amayi sanatsutse. Anangofunsa ngati anthuwo alibe misika.

Koma kuseka kwa tsiku limodzi sikuchiza. Khirisimasi itadutsa, sinowo, chipale chofewa chogwa ngati ufa, atakwirira kanyumba kaja mpaka m'chiuno, a Gordon anasiya kudya. Ndikaika supu ankakankha mbale, buledi ankangomutsina. Lamba wawo ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Lamlungu lina Linda anandiitanira kukhitchini. Anali mayi wabwino, wotopa nthawi zonse, makiyi a galimoto osachoka m'manja.

"Si vuto lako," anatero. "Koma ku nyumba ina yosungirako okalamba malo apezeka. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi wamawa kuti ndiyankhe. Akapitiriza kuonda chonchi, ndiwapititsa."

Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake kwa ine, koma palibe anatchula. Miyezi yanga inali isanafike ndi theka lomwe.

"Bwanji tiwapititse ku nyanja?" Mawuwo anatuluka ndisanawayeze.

Linda anaseka kaye, kenaka anasiya. Kanyumba ka matabwa kanali kosatheka, kankafuna lole ndi amuna atatu, ndipo pa khomo pake chikuku sichikanalowa. Koma anati masiku ano kuli matenti opinda, onyamula pa galimoto wamba. Anakafunsa adokotala, adokotala anavomera, bola kunja kukhale bata ndipo afunde mokwanira. Linda anandisiyira khadi logulira ndi lamulo limodzi.

"Usachoke pambali pawo ngakhale mphindi imodzi. Wandimva?"

Ndinavomera ndi mtima wonse, popeza ndi zimene ndinkachita kale.

Mlungu umenewo ine ndi a Gordon tinauthera pa buku la zithunzi za katundu wa asodzi. Ndinaphunzira kuti matentiwo ali mitundu iwiri. Ena ndi omangiriridwa ku chibeseni chachitali chokoka pa sinowo. Mpando uli momwemo, ukakhala umangokoka nsalu kuchokera kumbuyo n'kudzivundikira ngati kamba. Ena amabwera m'thumba lalitali, ukakoka zingwe za m'mbali makoma amatumphuka okha ngati ambulera, ndipo pansi palibe kanthu, umaponda ayezi weniweniyo. A nsalu yopyapyala ndi opepuka, koma amachita thukuta mkati n'kumakudonthezera m'khosi. A nsalu yochindikala amafunda, koma kulemera. A Gordon ankaloza ndi chala cha dzanja lawo labwino. Mkati mukhale mwakuda bii. Pamwamba pakhale timabowo totulukira mpweya wa mbaula, ndipo ndisadzayerekeze kutitseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa utsi wa gasi suoneka, umangokugoneka tulo tosadzuka. Pomaliza anazunguliza ndi pensulo tenti imodzi ya chibeseni.

"Iyi."

"Bambo, iyi ndi ya munthu mmodzi."

"Ndimadziwa kuwerenga."

Ndinaganiza kuti akuopa mtengo.

Loweruka Linda anabwera kudzakhala ndi bambo ake, ine n'kupita ku sitolo ndi a Zulu, bambo a ku Chipata amene tinkapemphera nawo ku holo kuja. Anali injiniya, anali ndi galimoto yaikulu, ndipo akazi awo ndiwo anawalamula kuti andiperekeze. Anali atakhala ku Canada zaka zambiri osapondapo pa nyanja.

"Manje imwe a ku Dedza," anatero akuyendetsa, "kachewere wakukanani kuti muyambe kusakira nsomba mu firiji?"

"Inu a ku Zambia nsomba mumaidziwa ikakhala kapenta wouma."

"Awe, ise nsomba timaipatsa ulemu. Ikabisala pansi pa ayezi, ndiye kuti siifuna alendo."

Mu sitolomo matenti anali ataimikidwa ngati msasa wa anthu othawa madzi osefukira, ofiira, abuluu, akuda. Ine ndinali ndi chingwe m'thumba chimene ndinayezera chikuku, mfundo imodzi ya m'lifupi, ina yofika pamutu pa a Gordon atakhala. Ndinayamba ndi imene anasankha ija. Ndinakhala pa mpando wake n'kudzivundikira. Munali mwabwino, mwa mdima, mofunda ngati m'nkhokwe. Koma kuti munthu afike pa mpandowo anayenera kudumpha mkombero wa chibeseni, ndipo malo a munthu wachiwiri panalibe, ngakhale a mwana. Ndinapita ku matenti a ambulera aja. Ambiri makomo ake anali a ngodya zitatu, nsalu ya m'munsi yofika m'katumba, moti ngakhale wa miyendo iwiri amachita kunyamula phazi. Ndinayenda ndi chingwe changa khomo ndi khomo, wogulitsa, mayi wamtali wa imvi, akunditsata pambuyo.

"Mukuyeza chiyani?" anafunsa.

Nditamufotokozera anatitengera kumapeto, kumene kunali ina ya khomo lotsekuka mpaka pansi ngati la nyumba. Chingwe chinadutsa, n'kutsala malo a chikhatho mbali zonse ziwiri. Inali ya nsalu yochindikala, mkati mwakuda, timabowo ta mpweya tili pamwamba. Pa chikwangwani analemba kuti ndi ya anthu anayi kapena asanu.

"Anthu asanu a kuti?" anatero a Zulu atalowamo. "Kwathu muno mungagone ukwati wonse, na oimba."

"Kwa inu yakula," anatero wogulitsayo. "Mbaula imachedwa kuitenthetsa, ndipo mphepo imaikonda. Muzipotera zikhomo mu ayezi musanakoke makoma. Mukapanda kutero mukaitola tsidya lina la nyanja."

A Zulu anandikokera pambali. "Mlongo, mdala uja anasankha iyi?"

"Ayi. Koma ija sangalowemo. Ndiyeno ine ndikakhala pati?"

"Nkhani yoyamba n'njabwino," anatero. "Yachiwiri n'njanu chabe."

Sindinawamvetse, ndipo ndinagula.

Titaitambasula m'galaja, Linda anaiyamikira n'kunyamuka. A Gordon anaiyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Ndinakutuma tchalitchi?"

Ndinawaonetsa chingwe, khomo, ndi mmene chikuku chimalowera osakhudza nsalu. Ndinazondotsa ndowa pambali pa chikukucho kuonetsa pamene ine ndikakhale. Atangoiona ndowayo anayamba kutembenuza chikuku ndi dzanja limodzi, chikuzungulira kolakwika, kugunda khoma, osalola kuti ndiwathandize.

"Ukaibweze. Sindipita."

Masiku awiri sanalawe kanthu kupatula tiyi. Ndinaimbira azakhali ndikulira.

"Ndinakuuza chiyani mu sitima muja?" anatero. "Ukufuna kumiza mzungu wa eni? Kaibweze, uziphika supu, uzipemphera. Ife kuno tinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaweza nsomba."

Tsiku lachitatu m'mawa, ndikuwameta ndevu, ndinalimba mtima.

"Bambo, ndalakwa chiyani? Kwathu wodwala sasiyidwa yekha. Amene amasiyidwa yekha ndi munthu wopanda abale, kapena amene anthu akumuganizira zoipa. Agogo anga aamuna atadwala tinkagona asanu ndi awiri m'chipinda mwawo."

"Anachira?"

"Anamwalira."

"Mwina anathawa phokoso."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinapitiriza kuwameta. Kenaka analankhula osandiyang'ana, thovu la sopo lili m'masaya.

"Ku fakitale tinali khamu, phokoso tsiku lonse. Kunyumba mkazi, mwana, wailesi. Ndinkawakonda. Koma Loweruka ndinkatseka chitseko cha kanyumba kaja, n'kutsala ine ndi bowo. Chidwalireni sindinakhalepo ndekha, ngakhale pokodza. Iwe ndiwe mwana wabwino. Koma umapuma mokweza."

Masana amenewo ndinalemba m'kope kuti: "Kodi munthu angamve ludzu la kukhala yekha ngati mmene timamvera la madzi? Ndifunse ndani?" Ndinalibe womufunsa. Dzuwa likupendeka ndinapita kukaima patsogolo pawo.

"Tentiyo sindibweza, chifukwa ija munasankha simungalowemo. Koma ndowa ija ndiisiya kunyumba."

"Linda anati chiyani?"

"Ndikudziwa zimene ananena. Ndidzamuuza ndekha tikabwerako."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Phika dzira," anatero.

Tinapita Loweruka la bata, dzuwa likuwala koma lopanda moto. A Zulu anamangirira timatabwa totsetserekera kunsi kwa mateyala a chikuku, akuti digiri yawo isachite manyazi. Pofika m'mphepete mwa nyanja ndinaima kaye. Kutsogolo kunali chigwa choyera mpaka polekezera maso, tinyumba ndi matenti zili mbwee, utsi ukufuka, galu akuthamanga, anthu akuyenda ndi makapu a khofi ngati ali pa msika. Phazi loyamba ndinaponda ndikutchula dzina la Yesu. Titayenda pang'ono ayezi analira kunsi kwathu, kulira kwakutali ngati ng'oma yaikulu, ndipo a Zulu anakhala pansi pomwepo.

"Akukhwima ameneyo," anatero a Gordon. "Dzukani, injiniya, mukuchititsa manyazi chikuku changa."

Anatilamulira ngati kapitawo. Zikhomo kaye, kuyambira mbali yochokera mphepo. Kenaka makoma, phu, phu, phu, denga pomaliza. A Zulu anaboola ayezi ndi chiboolero chobwereka, madzi n'kutumphuka akuda. Tinali titasankha posaya, kuti nsomba ikadya nyambo a Gordon azingokweza dzanja. Ndinalowetsa chikuku, kumanga mabuleki, kuyatsa mbaula patali ndi bulangete, kuyang'ana timabowo ta mpweya kawiri. Ndodo ya mbedza, yaifupi ngati mthiko, ndinaiika m'dzanja lawo lamanja, ndipo pafupi ndi chala chachikulu ndinamangirira kabelu ka njinga. Kenaka ndinatuluka n'kukoka zipi mpaka pansi. Pa ntchito zonse zimene ndinagwira ku Canada, palibe inandilemera ngati zipi imeneyo.

A Zulu anathawira ku galimoto kukaotha. Ine ndinaima mapazi khumi kuchokera pa tenti, popeza a Gordon anati asanu n'pafupi, andimva kupuma. Nsidze zinauma. Zala za kumapazi zinasiya kundidziwa. M'mutu munkadutsa zonse: chikuku chapendekeka, bulangete lagwira moto, mwendo walowa m'bowo, Linda pa foni, ine pa bwalo la ndege ndi chikwama, amayi akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Mkati munali zii. Ndinkayang'ana kanthunzi kotuluka pamwamba pa tenti n'kumadziuza kuti bola kakutuluka. Kawiri ndinanyamula phazi, kawiri ndinalibweza.

Kenaka kabelu kanalira. Ndinathamanga, kuterereka, kugwa chagada, kudzuka, kutsekula zipi.

"Tseka msanga, ukulowetsa kuwala. Gwada apa. Yang'ana."

Nditatseka, mdima unandiphimba m'maso, kenaka bowo lija linayamba kuwala lokha, lobiriwira ngati galasi la botolo. Ndinaona mpaka pansi pa nyanja: mchenga, udzu ukugwedezeka pang'onopang'ono, ndi tinsomba ta mizeremizere tikuzungulira nyambo mosathamanga, tosadziwa kuti pamwamba pawo pali anthu. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankafunira mkati mwakuda. Pa ayezi, pambali pa teyala, panali tinsomba tinayi tikuphiriphitha.

"Waona?"

"Ndaona, bambo."

"Chabwino. Tuluka."

M'mawa mwake, Lamlungu, Linda anatipeza kukhitchini. A Gordon anali atandiphunzitsa kupala tinsombato, kutiviika mu ufa ndi kutikazinga mu batala, ndipo anali pa mbale yachiwiri, mafuta ali kuchibwano. Linda anaima pa khomo osavula jekete. Ndikanatha kukhala chete. Koma ndinali nditalonjeza, komanso ndikanalephera kulemba za tsiku limenelo.

"Ndinawasiya okha m'tenti," ndinatero. "Ine ndinali panja. Munandiletsa, koma ndinachita."

Nkhope yake inasintha. "Nthawi yaitali bwanji?"

"Ola limodzi."

"Bodza," anatero a Gordon osadzutsa mutu. "Ola ndi theka. Ndinachita kumuthamangitsa kawiri."

"Dadi, mukanagwa? Mukanakomoka mmenemo?"

"Ndikanagwera pa nyanja. Ku malo ako aja ndikagwera pa mzere wa mankhwala. Khala pansi, nsomba zikuzizira."

Linda sanakhale. Anatuluka, ndipo ndinamva chitseko cha ku galaja. Ndinatsuka chiwaya chimene chinali choyera kale, ndikuganiza zimene zingakwane m'chikwama chimodzi. Patapita nthawi ndinamutsatira. Ndinamupeza ataima mkati mwa tenti, imene tinaiimika m'galajamo kuti iume, akuyang'ana timabowo ta pamwamba. Maso anali ofiira.

"Ndili mwana sanandilolepo kulowa m'kanyumba kaja," anatero. "Amayi ankati tiwasiye, akabwerako amakhala munthu." Anapukuta mphuno. "Ukanandiuza usanachite."

"Mukanakana."

"Ndikanakanadi." Anatembenukira kwa ine. "Panjapo kumazizira bwanji?"

"Kwambiri."

"Loweruka ndibwera, ndikaime nawe. Malo aja ndiwauza apatse wina."

Loweruka limenelo tinaima awiri, mapazi khumi kuchokera pa tenti, tikupondaponda ayezi ndi kulandizana fulasiki ya tiyi, a Zulu akuliza hutala kumtunda kufunsa ngati tikadali moyo. M'nyumba ya ku Oshawa ndinakhalamo nyengo zachisanu zina ziwiri, ndipo mapepala anga anandipeza momwemo.